Netiweki ya ma node oyenda ku Mzuzu: kaundula wa ntchito yoyeza mtunda ndi mphamvu yotumizira

Ntchitoyi ndi yomanga netiweki yaing'ono yosadalira nsanja ya foni kapena rauta yapakati, momwe tizipangizo toyenda ndi anthu, totchedwa ma node, timapatsirana uthenga tokhatokha mpaka ukafike kwa mwini wake. Akatswiri amaitchula MANET. Node iliyonse ili ndi ESP32 (kakompyuta kakang'ono kokhala ndi wailesi), GPS ya u-blox NEO-6M, batire limodzi la 18650 ndi kabokosi ka pulasitiki kosalowa madzi. Ma node ena amamangiriridwa pa njinga za kabaza, ena amayenda m'chikwama cha munthu, ochepa ali pamwamba pa mapaipi okhazikika. Mapaketi, timagawo ta uthenga, akuyenda pa ESP-NOW, njira imene ma ESP32 amalankhulirana mwachindunji, pa 2.4 GHz, liwiro la 1 Mbps, ndipo paketi yathu imodzi sipyola ma byte 250. Funso limene tikulondola ndi ili: node ikadziwa pamene ili ndi pamene anzake ali, kodi ingasankhe bwino woti impatsire paketi ndi mphamvu yoti itumizire?

Epulo, mvula isanathe

Tayamba ndi kuwerengera mtunda pakati pa ma node awiri. GPS imatulutsa mizere ya NMEA, kalembedwe kamene imaperekera malo, kamodzi pa sekondi, pa 9600 baud, ndipo tikuwerenga mzere wa GGA chifukwa ndi umene uli ndi chiwerengero cha masetilaiti ndi HDOP, nambala imene imakula malo akamakayikitsa. Msampha uli pa kalembedwe ka manambala. NMEA imalemba madigiri ndi mphindi mophatikiza. Mzuzu uli pafupi ndi 11°27′ kum'mwera ndi 34°01′ kum'mawa, ndipo GPS imalemba 1127.0000,S ndi 03401.0000,E. Wongogawa nambalayo ndi 100 amapeza 11.27 m'malo mwa 11.45, ndiye kuti wasuntha node ndi makilomita pafupifupi 20. Kusunthako n'kosavuta kukuona pa mapu. Chobisika n'chakuti mitunda yonse pakati pa ma node imafupika kufika pa 60 peresenti ya mtunda weniweni, ndipo masamu onse otsatira amamangidwa pa mitunda yabodza popanda chilichonse cholira.

Malo tikuwasunga ngati int32 (integer, nambala yopanda desimali, ya ma bit 32), madigiri ochulukitsidwa ndi 10,000,000. Sitepe imodzi ndi sentimita imodzi ndi kanthu. Float (nambala yokhala ndi desimali) ya ma bit 32 pa madigiri 34 imalumpha mamita 0.4 pa sitepe, ndipo double (float ya ma bit 64) pa ESP32 imachedwa chifukwa chipangizocho chimaiwerengera mu software. Choncho timachotsera ma integer kaye, kenako n'kusandutsa mamita: kusiyana kwa latitude kuchulukitsa ndi mamita 110,600 pa digiri, kwa longitude ndi mamita 109,100 pa digiri, n'kumaliza ndi Pythagoras. Mkati mwa tauni, kuyambira ku Luwinga mpaka ku Katoto, cholakwa cha njirayi n'chochepa kuposa cha GPS yeniyeniyo. Haversine, fomula yowerengera mtunda molingana ndi kuzungulira kwa dziko, siikufunika.

Wofuna kuyerekeza ndi mapu akale a mapepala ayang'ane datum, maziko amene malo a pa mapuwo anayezedwera. Ambiri mwa mapuwo ali pa Arc 1950, pamene GPS ili pa WGS 84, ndipo malo amodzi amasiyana ndi mamita mazana.

Beacon, kapaketi kamene node imadzilengezera kwa anzake, taikhazikitsa pa ma byte 20: nambala ya node 2, nambala ya paketi 2, latitude 4, longitude 4, kutalika kwa malo 2, nthawi 2, kenako liwiro, kolowera, HDOP ndi mphamvu imene paketiyo yatumizidwira, chilichonse byte imodzi. Byte yomalizayi musaisiye. Popanda iyo wolandira sangadziwe kuti mafunde ataya ma dB (muyeso wa kusintha kwa mphamvu) angati m'njira. Kuphatikiza mitu ya 802.11, beacon imakhala mumlengalenga pafupifupi 0.7 ms.

Malamulo awiri talowetsa mu firmware, pulogalamu ya mkati mwa node. Malo okhala ndi HDOP yopyola 2.5, kapena masetilaiti osakwana 6, amatumizidwabe koma ndi chizindikiro choti asadaliridwe. Izi zimachitika kwambiri pansi pa makhonde a malata ku msika. Ndipo liwiro likatsika pansi pa mita imodzi pa sekondi timalilemba 0 n'kuleka kusintha kolowera, chifukwa GPS yoima pamodzi imayendayenda yokha n'kumaloza mbali iliyonse.

Meyi

Mwezi uno wathera pa kuyeza momwe mafunde amafookera ndi mtunda. Chitsanzo cha masamu chimene tayamba nacho ndi cha log-distance:

PL(d) = PL(d0) + 10 × n × log10(d/d0)

PL ndi kutayika kwa mphamvu m'njira, d ndi mtunda, d0 ndi mtunda woyambira, n ndi nambala yosonyeza changu chimene mafunde amafookera. Pa 2.4 GHz, mita yoyamba yokha imadya 40 dB. Nambala n ndi 2 pamalo opanda chotchinga chilichonse, ndipo mabuku amaika 2.7 mpaka 3.5 pa malo a m'tauni. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa mpaka utaika manambala. Timatumiza pa 20 dBm. ESP32 imamva mpaka chapafupi ndi −97 dBm pa 1 Mbps, koma tadula malire pa −85 dBm kuti pakhale potsalira. Ndiye tili ndi 105 dB yoti iwonongeke m'njira. Ndi n ya 2 tifika mamita pafupifupi 1,780. Ndi 3, mamita 147. Ndi 3.5, mamita 72. Ndi 4, mamita 42. Chipangizo ndi chomwecho, batire lomwelo; chasintha ndi malo okha.

Kayezedwe ndi aka. Node imodzi imaima pa mtengo wa mita 1.2, ina imayenda, ikutumiza mapaketi 10 pa sekondi pa mphamvu yosasintha. Wolandira amalemba pa memori khadi nambala ya paketi, RSSI (mphamvu imene paketi yafika nayo) ndi malo a onse awiri. Poyambira, d0, taika pa mamita 10 oyezedwa ndi tepi, pamene kutayika koyenera ndi 60 dB. Node imene ikusiyana ndi anzake pamenepa imalembedwa kusiyana kwakeko, chifukwa tieriyo ta pa bolodi sitifanana ndipo waya wa batire wodutsa pafupi umasokoneza. Mitunda ya GPS yosakwana mamita 30 sitikuilowetsa m'masamu: cholakwa cha mamita 5 pa mtunda wa mamita 10 ndi theka lathunthu.

RSSI ya paketi imodzi siuza kanthu. Mafunde a 2.4 GHz ndi otalika masentimita 12.5, ndipo pakati pa madenga a malata amafika kwa wolandira kudzera njira zambiri, zina n'kumawonjezerana zina n'kumafafanizana. Kusuntha node ndi masentimita 6 kungasinthe RSSI ndi 10 dB kapena kupyola. Choncho timagawa mtunda m'zigawo, n'kutenga nambala yapakati ya mapaketi onse a m'chigawocho, ndipo woyeza saima chilili.

Vuto lalikulu la mwezi uno n'loti paketi yotayika ilibe RSSI. Kutali, kumene theka la mapaketi silifika, olembedwa ndi amphamvu okhaokha amene apulumuka. Mzere wokokedwa pa madontho amenewo umagona kwambiri, n imatuluka yaing'ono, ndipo masamu amalonjeza mtunda umene kulibe. Apa ndi pamene nambala ya paketi ikugwira ntchito: timawerenga mipata, ndipo chigawo chilichonse chimene mapaketi ofika sakukwana 90 peresenti timachichotsa pokoka mzere. Chigawocho chimapita pa tebulo lina, la kuchuluka kwa mapaketi ofika molingana ndi mtunda, limene pambuyo pake laposa n yeniyeniyo pa kufunika.

Zimene madontho akuonetsa: pa bwalo la mpira mzere umatsata n ya 2 poyamba, kenako umapindika n'kutsika msanga. M'tinjira ta ku Chibavi ndi ku Chiputula, pakati pa nyumba za njerwa zootcha ndi mipanda, n ili m'gulu la 3 kupita m'mwamba, ndipo madontho amwazikana moti mzerewo ndi wongotonthoza mtima. Kumwazikanaku ndi kumene kumapha ganizo loyeza mtunda ndi RSSI. Mukalakwa ndi 6 dB pamene n ndi 3, mtunda umalakwika ka 1.58: node ya pa mamita 100 ingaoneke ngati ili pa 63 kapena pa 158. Tatseka nkhani imeneyo. Mtunda uzichokera ku GPS, RSSI izinena za ubwino wa njira basi.

Za mvula, popeza anthu amafunsa kawirikawiri: madontho a mvula okha satengapo kanthu pa 2.4 GHz pa mitunda ngati yathuyi. Chotsekereza ndi masamba onyowa. Munda wa nthochi kapena mzere wa mapaini utavumbidwa umadya mafunde kuposa uli wouma, ndipo kuno mawawa amatha kukhala masiku, masamba osauma.

Juni

Kupindika kwa mzere wa pa bwalo kuli ndi chifukwa chodziwika. Mafunde ena amapita molunjika, ena amagunda pansi n'kubwerera, ndipo kupyola mtunda wina awiriwa amayamba kufafanizana moti n imasanduka 4. Mtundawo ndi 4π × h1 × h2 ÷ λ, pamene h1 ndi h2 ndi kutalika kwa ma eriyo awiri kuchokera pansi ndipo λ ndi utali wa funde uja. Ma eriyo awiri pa mita 1.2, monga pa chiwongolero cha njinga, amapereka mamita 145. Kupyola apo, 105 dB yathu ija imathera pa mamita pafupifupi 500, osati 1,780. Kwezani eriyo imodzi pa paipi ya mamita 6, popindikapo pamasunthira ku mamita 724 ndipo mtunda umapyola kilomita. M'chigawo chimenechi kuwirikiza kutalika kwa eriyo imodzi kumabweza 6 dB, zofanana ndi kuchulukitsa mphamvu kanayi. Paipi ndi yotchipa kuposa amplifier, siidya batire, ndiponso siikulowetsani m'nkhani ya malire a mphamvu amene MACRA imayang'anira.

Thupi la woyendetsa njinga nalo ndi chotchinga. Node ya pa chiwongolero imamva bwino kutsogolo, kumbuyo imatsekedwa ndi munthu, ndipo pakakwera pasinjala pali matupi awiri. Tasamutsira kabokosi pa kandodo ka kumbuyo kwa kaliyala kotulukira pamwamba pa mapewa. Kamagwedezeka, ndipo mawaya a GPS omangosomeka amazuka. Tsopano onse ndi owotcherera.

Mzuzu si wathyathyathya. Tauniyi ili pa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pa timitunda tolekanitsidwa ndi madambo ndi timitsinje. Poyamba zinkaoneka ngati kuwonjezera kutalika kwa malo pa kawerengedwe ka mtunda kuthandiza. Sikuthandiza: mamita 300 chopingasa ndi mamita 30 chokwera ndi mamita 301.5 basi. Nkhani ili pa chimene chili pakati. Mafunde amafuna mpata wozungulira mzere wolunjika, wotchedwa Fresnel zone, umene pa mtunda wa mamita 300 ndi wa mamita 3 mbali iliyonse pakatikati, ndipo mwa mpatawo 60 peresenti iyenera kukhala yosatchingidwa. Msana wa mtunda wongokhudza mzerewo umadya 6 dB. Ukakwera mamita 3 pamwamba pa mzere, pakatikati pa njira yomweyo, umadya pafupifupi 16 dB. N'chifukwa chake ma node awiri oyang'anana kutsidya kwa dambo amamvana patali kwambiri, pamene awiri oyandikana koma olekanitsidwa ndi kamtunda samvana konse. Ku Masasa, kumene nyumba zili pa zitsetse, izi zimachitika pafupifupi pa ngodya iliyonse.

Tayesa kugwiritsa ntchito mapu a kutalika kwa nthaka a SRTM, amene anajambulidwa mu February 2000 ndipo kadontho kake ndi mamita pafupifupi 30. Pa laputopu amathandiza kusankha poimika mapaipi. Mkati mwa node sakuthandiza: saona nyumba kapena mpanda, ndipo kutalika kumene GPS imapereka kumalakwika kuposa malo a chopingasa, pamene masamu a Fresnel amafuna kulondola kwa mita imodzi kapena ziwiri.

Julayi

Kusankha wolandira paketi. Njira yoyamba ndi ya GPSR, imene Karp ndi Kung anafalitsa mu 2000: patsira mnansi amene ali pafupi kwambiri ndi kumene paketi ikupita. Pa pepala imachepetsa malumpho. Pa msewu imasankha mnansi wa kumalire, amene njira yake ndi yofooka kuposa onse. Node imamulemba kuti ndi mnansi chifukwa inamvapo beacon yake imodzi, kapaketi kakafupi kosafuna yankho, pamene paketi ya ma byte 200 yofuna ACK, yankho lotsimikiza kuti yafika, siidutsa. Kumva moni wa munthu ali kutsidya kwa dambo sindiko kumva nkhani yake yonse.

Tasintha muyeso. Mnansi aliyense amapatsidwa mamita amene paketi iyandikire kuchulukitsa ndi gawo la mapaketi ake amene akufika. Mwachitsanzo, woyandikiza mamita 140 koma wofikitsa 0.4 apeza 56. Woyandikiza mamita 90 wofikitsa 0.9 apeza 81, ndipo ndi amene asankhidwe. Gawolo timaliwerenga pa ma beacon 10 omalizira, mbali zonse ziwiri monga muyeso wa ubwino wa njira wotchedwa ETX umachitira, chifukwa njira imatha kumveka popita koma osamveka pobwera. Kwa mnansi watsopano amene sitinamumve mokwanira, timayambira pa tebulo la mu Meyi lija. Umu ndi mokha mmene chitsanzo cha mtunda chikulowerera pa chisankho: chimapereka nambala yoyambira, ndipo zoyezedwa zikangokwana chimachoka.

Paketi ikafika pa node yopanda mnansi woyandikira kuposa iyo, GPSR imazungulira mpatawo ndi lamulo la dzanja lamanja. Lamuloli limaganiza kuti node iliyonse imamveka mofanana mbali zonse mpaka mtunda umodzi, zimene tangoona kuti kuno sizili choncho, ndipo mapaketi amatha kuzungulira osatuluka. Talisiya. M'malo mwake paketi imalengezedwa kwa onse koma m'dera lochepa, motengera njira yotchedwa LAR ya Ko ndi Vaidya ya mu 1998. Node imatenga pamene wofunidwayo anaonekera komaliza n'kujambula bwalo la liwiro lake kuchulukitsa ndi nthawi imene yapita. Njinga yakapalasa ya makilomita 15 pa ola imayenda mamita 125 m'masekondi 30. Yamoto ya makilomita 40 pa ola imayenda 333, kupyola kawiri mtunda umene node imamveka m'makwalala. Pa bwalolo timawonjezera mamita 15 a cholakwa cha GPS. Opatsira paketi ndi okhawo amene ali m'bokosi lokuta wotumiza ndi bwalolo. Yankho likapanda kubwera m'masekondi awiri bokosi limakula kawiri, kachitatu limachotsedwa.

Kuti onse a m'bokosi asalankhulire pamodzi, aliyense amadikira 50 ms × (1 − d/150), pamene d ndi mamita kuchokera kwa amene wamupatsira paketiyo. Wa pa mamita 120 amadikira 10 ms, wa pa mamita 30 amadikira 40 ms, ndipo akamva wina atapatsira kale amangokhala chete. Ma node awiri oima pa siteji imodzi ya kabaza amapeza nthawi yofanana, choncho tawonjezera kanthawi kamwayi ka 0 mpaka 3 ms.

Beacon siikutulukanso pa nthawi yoikika. Imatuluka node ikasuntha mamita 20 kapena pakapita masekondi 10, chimene chayamba. Mnansi wosamveka masekondi 25 amafufutidwa.

Ogasiti

Kuchepetsa mphamvu yotumizira. Pa ESP32 timagwiritsa ntchito esp_wifi_set_max_tx_power, imene imawerenga m'magawo a 0.25 dBm ndipo imalumpha m'masitepe. Tasankha anayi: 20, 44, 60 ndi 80, amene ndi 5, 11, 15 ndi 20 dBm. Kutayika kwa m'njira ndi mphamvu yolembedwa mu beacon kuchotsapo RSSI. Timasankha sitepe yotsikitsitsa imene ifikitse −75 dBm kwa wolandira. GPS ikulowerera pa chinthu chimodzi: ngati liwiro ndi kolowera zikusonyeza kuti awiriwo akutalikirana, timakwera sitepe imodzi RSSI isanagwe. ACK ikasowa kamodzi timalumphira ku 20 dBm. Potsika timatsika sitepe imodzi pambuyo pa mapaketi asanu ofika motsatizana.

Amene akuyembekeza kuti izi zipulumutsa batire aone masamu. Wailesi ikamamvetsera imakoka pafupifupi 100 mA nthawi zonse, GPS pafupifupi 40 mA. Potumiza pa mphamvu yonse imakoka chapafupi ndi 240 mA, koma kwa 0.7 ms. Ngakhale mapaketi aafupi 50 pa sekondi amangowonjezera 5 mA. Batire la 2,500 mAh likhala maola pafupifupi 17 pa pepala, mphamvu itsike kapena isatsike. Phindu lili kwina: node yolankhula motsitsa imasiya mpata kuti magulu ena akutali alankhule pa tchanelo chomwecho. Pakati pa tauni, pamene Wi-Fi ya m'mashopu ndi ma hotspot a mafoni adzaza kale matchanelo 1, 6 ndi 11, phindu limeneli n'lenileni. Kunja, cha ku Lunyangwa, kumene ma node ndi apatalipatali, tazimitsa zonsezi n'kusiya 20 dBm.

Mavuto awiri atuluka. Lamulo la mphamvu ndi la wailesi yonse, si la paketi imodzi. Node ikatsika ku 5 dBm polankhula ndi mnansi wapafupi n'kukhala pomwepo, wakutali saimvanso ndipo amaiyesa yachoka. Tsopano imatsika isanatumize n'kubwerera ku 20 dBm mu callback ya kutumiza, kachigawo ka pulogalamu koitanidwa paketi ikangotumizidwa. Ma beacon amatuluka pa mphamvu yonse nthawi zonse. Lachiwiri ndi lovutirapo: node yachitatu yosamva wolankhula motsitsayo imayesa kuti njira ili yopanda munthu, n'kutumiza pa mphamvu yonse pamwamba pake. Kukweza malire kuchoka pa −75 kufika pa −70 dBm kumachepetsa vutoli koma kumadyanso phindu lija. Silinathe.

Pa ns-3, pulogalamu yoyeserera netiweki pa kompyuta, LogDistancePropagationLossModel imabwera ndi n ya 3 ndi kutayika kwa mita yoyamba kwa 46.68 dB, kumene ndi kwa 5.15 GHz. Pa 2.4 GHz ikani 40.05. Mukaisiya, mtunda umafupika ka 1.66 ndipo netiweki imaoneka yodukaduka popanda chifukwa. Kayendedwe ka random waypoint, koyendetsa ma node kulikonse mwamwayi, nako tikukasiya: akabaza amaima m'magulu pa siteji, n'kuyenda m'misewu yomweyomweyo, choncho tikulowetsa njira zenizeni za GPS. Njirazo ndi mbiri ya kumene munthu wayenda tsiku lonse. Zimatengedwa mwini atavomera atafotokozeredwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, zimasungidwa popanda dzina, ndipo mamita 200 oyambirira ndi omalizira amadulidwa kuti pakhomo pasadziwike. Lamulo la Data Protection Act la 2024 likukhudza zinthu ngati zimenezi.

Pa chifukwa chomwecho beacon siingapitirire kuyenda poyera. ESP-NOW imabisa mapaketi a unicast okha (opita kwa node imodzi), a broadcast (opita kwa onse) ayi, ndiye aliyense wokhala ndi ESP32 ina angawerenge malo a ma node onse. Ntchito ya Seputembala ndi kuika AES-CCM, njira yobisira uthenga, mkati mwa paketi, ndi kiyi imodzi ya gulu. Nonce, nambala yogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha pobisa, ichokera pa nambala ya node ndi kawerengero kosungidwa mu flash, ndipo kawerengeroko kakula kuchoka pa ma byte 2 kufika pa 4 kuti kasabwereze batire likasinthidwa. Ndi tag ya ma byte 8 yotsimikizira kuti paketi sinasinthidwe, beacon ikhala ya ma byte 30. Tebulo la mu Meyi liyenera kuyezedwanso mu Okutobala, masamba atauma, kenako mvula ikayamba. Mpaka pamenepo firmware ikugwiritsa ntchito manambala a masamba onyowa.